Diso la Atelala

"Ichi munatumiza tsiku lomwe tinawagoneka bambo m'chipatala," anatero mlongo wake wa Kasingano, akumuyandikizira foni kumaso. "Onani bwino, achemwali. Nkhanu zofiira, ndimu pambali, makandulo. Ife tsiku limenelo tinali pabenchi kudikira dokotala kuyambira m'mawa."

Kasingano anayang'ana chithunzicho ngakhale ankachidziwa bwino. Foniyo inali ya malemu bambo awo, yosweka galasi pakona, ndipo mlongo wakeyo ankaiyendetsa ndi chala ngati wapolisi amene wapeza umboni. Chinadutsa chithunzi china: tebulo lalitali loyalidwa nsalu yoyera, atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi akuseka, iye ali pakati pawo. Kenako china cha keke yoyaka moto wabuluu.

"Munkadya bwino," anapitiriza mlongo wakeyo. "Sitikudandaula ayi. Wina pabanja pano ankayenera kudya."

Amayi awo anali pampando wa pawindo, mbale ya mabatani ili pamiyendo. Chiikireni maliro ntchito yawo inali imeneyo, kusankha akuda kuika mbali ino, oyera mbali iyo, akamaliza n'kuwasakanizanso. Sanatukule mutu.

Kasingano anali atafika dzulo lake, patapita masiku anayi bambo ake ataikidwa m'manda. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo, amene msewu wonse unkawatcha Atelala, chifukwa ali mwana anali woonda ndi wosakhazikika, wolowa apa n'kutulukira apo. Tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa zakazo anathera kunja osabwerako ngakhale kamodzi. Sutikesi yake inali ikadali pakhomo la chipinda, yosatsegula. Munali juzi yaubweya imene anagulira bambo ake atamva kuti akutsokomola.

"Mubwerera liti?"

"Tikiti ndi ya tsiku lachiwiri la chaka chatsopano."

"Masiku asanu basi. Mlendo ndi mame, akuluakulu sananame." Anaika foni patebulo chafufumimba. "Ine tchuthi changa chatha. Ana anga sindinawaone milungu inayi. Ndawasambitsa bambo, ndawadyetsa ndi supuni, ndawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Tsopano nonse tikachoka, amayi atsala ndi ndani?"

Kasingano anali ndi funso lake, limene anauluka nalo usana ndi usiku lili m'mutu, moti chakudya cha m'ndege anachibweza osachikhudza. Sankafuna cholowa, sankafuna kukhululukidwa ndi mlongo wake. Ankangofuna kudziwa ngati bambo ake anapita akukhulupirira kuti mwana wawo anasankha maphwando m'malo mwa iwo.

"Achimwene, kumapetoko ananditchulako?"

Mlongo wake anamuyang'ana m'maso.

"Mlungu woyamba ankafunsa tsiku lililonse ngati mwanyamuka. Wachiwiri ankangoyang'ana kukhomo munthu akalowa. Wachitatu anasiya zonse ziwiri. Sanakutchuleni, achemwali. Mukufuna ndikunamizeni?"

Batani limodzi linagwa m'manja mwa amayi awo n'kugubuduka kulowa pansi pa kabati. Palibe amene anawerama kulitola.

Choonadi, chimene Kasingano anali asanauzepo munthu, chinali chakuti pa zakudya zonse za m'zithunzizo panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chinalowapo m'kamwa mwake. Kunyumba ankadziwa kuti amagwira ntchito mu ofesi ya hotela yaikulu. Hotelayo inalidi yaikulu, koma ofesiyo ankangoidutsa popita kukhitchini. Ntchito yake inali yonyamula mbale, zinayi nthawi imodzi, ziwiri m'manja ziwiri pamkono. Chakudya ankachijambula chili pathireyi, mwakuba, wophika wamkulu atatembenuka. Anzake oseka aja anali anzake a ntchito, ndipo ankajambulitsa akangomaliza kuyala tebulo, alendo asanalowe, atavula maepuloni n'kuwaponya pansi pa mipando. Kudya ankadya chiimirire kuseri kwa filiji, mpunga wotsala ndi mafupa.

Bodzalo linayamba laling'ono. Kuti iye apite, bambo ake anagulitsa makina awo osokera atsopano n'kubwerera ku akale opalasa ndi mwendo. Nanga munthu wotero ungamuuze bwanji kuti makina ake anasanduka thireyi? Zaka zoyambirira mapepala ake sanali olongosoka, akanatuluka sakanaloledwa kulowanso. Atalongosoka, nthawi ya tchuthi ndi imene hotela inkadzaza, ndipo wopempha kupita kwawo ankauzidwa kuti akakhaliretu komweko. Bambo ake atadwala iye anapemphadi tchuthi, bwana n'kuyankha kuti amalize kaye chaka. Pafoni bambo akewo ankati, "Ndi kachifuwa chabe aka, usataye ntchito yako ya mu ofesi." Iye anakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba milungu itatu yathunthu, iye ndiye anatseka makutu.

M'mawa mwake mlongo wake anaika makiyi pafupi ndi kapu yake ya tiyi.

"Shopu ikufunika kulongedza, mwini nyumba wapeza kale munthu wina. Ine ndibwera ndi galimoto masana kudzatenga makina. Chitaniko chimodzi chokhachi."

Shopu ya Atelala inali kachipinda kopapatiza pakati pa malo ometera ndi sitolo ya mababu ndi mawaya. Atatsegula chitseko, fungo la mafuta a makina ndi nsalu yositidwa linamulandira ngati kuti mwini wake wangotuluka pang'ono. Tepi inali pamsomali wake. Magalasi anali pamakina, dzanja lake limodzi lomangidwa ndi ulusi wakuda. Pahang'ala panali mathalauza awiri opindidwa miyendo, odikira eni ake amene mwina anachita manyazi kudzafunsa. Khushoni ya pampando inali yophwa pakati, ndipo Kasingano anaizungulira osafuna kuikhudza.

Anayamba ndi ulusi, kuuponya m'katoni mosasankha mitundu. Atatsegula kabati yapamwamba, manja ake anaima.

Mkati mwa chitseko chonse munali zithunzi zake, zotsukidwa papepala, zobayidwa ndi mapini m'mizere, chaka ndi chaka. Pambali pa chilichonse, pathabwa, panali zolemba za choko chosokera m'malembo opendekera a bambo ake. "Mazira?" "Ufa kapena shuga?" "Tsamba ili n'lachiyani?" Pena panangolembedwa kuti, "Funsani Aphunzitsi."

"Odi muno."

Pakhomo panaima amuna awiri okalamba. Woyamba anali Ometa a khomo loyandikana, wamfupi, wovala khoti loyera, chipeso chili m'thumba. Kumbuyo kwawo kunali Aphunzitsi, amene anapuma ntchito kalekale koma ankavalabe tayi ngakhale popita kogula sopo. Awiriwa ndiwo anali anzawo a bambo ake a ponda apa nane mpondepo, kuyambira iye asanabadwe.

"Pepa, mwanawe," anatero Ometa, atamugwira dzanja ndi manja awiri. "Pepa kwambiri. Wakula, koma kuonda ndiye sunasiye."

Aphunzitsi anakhala pabenchi ya makasitomala, ndodo pakati pa miyendo, maso pachitseko cha kabati.

"Waipeza sukulu yathu," anatero.

"Zimenezi n'zachiyani, bambo?"

Ometa anaseka pang'ono, kuseka kokhala ndi misozi kumbuyo.

"Sanakuuze? Tsiku lomaliza la chaka tinkatseka masana. Tebulo lodulirapo ili tinkaliyala nsalu yoyera, nthawi zina ya kasitomala amene sanabwere kudzatenga. Ndiye bambo ako ankasankha chithunzi chimodzi n'kunena kuti, chaka chino tikupita kunja, tikadye kwa Kasingano. Atatu ife, osaposa. Ine kumsika, Aphunzitsi kuyang'ana chithunzi ndi galasi lokulitsa, bambo ako pachitofu kuseriko."

"Munkaphika bwanji osadziwa zothiramo?"

"Ndi maso. Telala akaona suti pathupi la munthu amaisoka, ndiye anati chakudya chingamukanike bwanji." Ometa analoza kumaso kwawo. "Ukuiona nsidze iyi? Keke yako yamoto ija. Tinathira mowa waukali theka la botolo, Aphunzitsi n'kukhwatcha machesi. Ine wometa anthu zaka makumi anayi ndinametedwa ndi keke."

"Ndinakuuzani kuti musunthe," anatero Aphunzitsi.

"Munandiuza moto utafika kale."

Kasingano anapezeka akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunamupweteka m'chifuwa. Anawaona m'maganizo, okalamba atatu m'kachipinda kodzaza utsi, akudya zopserera mwaulemu, pamene iye kutsidya lija akuthamanga ndi mbale za anthu osamudziwa dzina.

Aphunzitsi anatukula ndodo n'kuloza chithunzi cha mumzere wachitatu. Chinali cha nsomba yaikulu yokwiriridwa m'chulu choyera, mutu ndi mchira zokha zikuonekera.

"Utithandize mlandu uwu, takangana nawo zaka zinayi. Choyerachi n'chiyani? Ine ndinati ufa. Awa anati shuga. Bambo ako anati mpunga wosinja."

"Ndi mchere."

"Mchere wonsewu?"

"Sudyedwa. Umauma mu uvuni, ndiye amauphwanya ndi supuni pamaso pa mlendo n'kuutaya. Imadyedwa ndi nsomba yokha."

Ometa anadzimenya pantchafu.

"Ife tinathira ufa. Unapserera kunja, mkati uli wauwisi, koma tinaudya mpaka kutha poopa kuoneka osayenda."

Anaseka onse atatu, koma kusekako sikunapite patali. Kunathera pakhushoni yophwa ija, pamene panayenera kuchokera mawu a munthu wachinayi. Panja panadutsa njinga yamoto.

"Nanga imakoma bwanji?" anafunsa Aphunzitsi mofatsa. "Nsomba ya mumchereyo."

Kasingano anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka kale, omwe aja ankauza alendo patebulo, kuti ndi yofewa, yonona, yosungunuka palilime. Koma anali atatopa, kutopa kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo munthu amene ankamunamizirayo anali atagona kale m'dothi.

"Sindikudziwa, bambo," anatero. "Sindinailawepo. Zonsezi sindinalawepo ngakhale chimodzi. Ine ndimangonyamula. Ofesi kulibe, anzangawa ndi antchito anzanga. Ndinkanama."

Anadikira kuti adabwe. Ometa anangotulutsa chipeso m'thumba n'kuchiyang'ana mano.

"Tikudziwa, mwanawe."

"Ndafunsa dala," anatero Aphunzitsi. "Bambo ako anadikira yankho limenelo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimafuna linenedwe m'chipinda muno, ngakhale mochedwa."

Kasingano anakhala pansi penipeni, pakati pa zidutswa za nsalu, msana atatsamira mwendo wa makina.

"Anawauza ndani?"

"Iwe wemwe, chaka choyamba chomwecho." Ometa anayandikira kabati n'kuloza ndi chipeso chithunzi cha anthu asanu oseka. "Bambo ako anatiitana n'kuti, taonani makolala awa. Anthu asanu, nkhope zosiyana, koma kolala imodzi, msoko umodzi, dzanja la telala mmodzi. Anati abwenzi savala chonchi, amavala chonchi ndi antchito. Kenako anationetsa m'chiuno umu. Ukuona malaya a aliyense akwinyika pamzere umodzi? Ndi podutsa chingwe cha epuloni pamenepo. Munavula maepuloni, koma nsalu siiwala."

"Ananenanso kuti munthu amene akudya amajambula mbale atakhala pansi," anaonjeza Aphunzitsi. "Zako zonse n'zojambula chiimirire."

Kasingano anakumbukira mawu a pafoni aja, usataye ntchito yako ya mu ofesi. Bambo ake anawanena akutsokomola, akudziwa zonse. Manyazi anamutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

"Nanga bwanji sanandifunse?"

"Anati mwana akaphimba chilonda usamuvundukule, adzachionetsa yekha tsiku limene chidzasiye kumuchititsa manyazi. Anatilumbiritsa kuti amayi ako ndi mlongo wako asamve. Ndipo sanamve."

"Ndiye kuphikaku kunali kwachiyani, ngati ankadziwa kuti ine sindidya?"

Ometa anabweza chipeso m'thumba.

"Anati zakudya zimenezi mwana wanga wazinyamula mpaka manja kupsa. Wina wa m'banja mwake ayenera kuzilawa."

Kasingano anabisa nkhope m'maondo. Kenako anafunsa funso lake lija, mawu akutulukira m'nsalu ya siketi.

"Anapita atandikwiyira?"

Okalamba awiriwo anayang'anana. Ometa ankaoneka kuti akufuna kunena chofewa, koma Aphunzitsi anali munthu amene moyo wake wonse sanapatsepo mwana malikisi osayenera.

"Kukwiya ayi. Koma ndisakunamize, zinkawapweteka. Mlungu womaliza, mlongo wako atatuluka kukagula mankhwala, anandikoka tayi kuti ndiwerame. Anati, Aphunzitsi, ndinalakwa. Ndikanangomuuza kuti ndikudziwa, bwenzi atabwera kalekale, opanda choopa. Ndamusungira ulemu mpaka ndamutaya."

Limenelo ndilo linali yankho, ndipo silinali la mtundu umene munthu angapumire. Bambo ake sanafe akumuyesa wokonda maphwando. Anafa akudziimba mlandu okha, pa bodza limene silinali lawo. Iye anakhala chete powasungira ulemu, iwo anakhala chete pomusungira ulemu, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa pakati pawo. Foni imodzi yokha ikanatha zonse, koma madzi akatayika saoleka. Kasingano analira kulira kumene sanalire pabwalo la ndege, kumene sanalire ataona manda, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

Munthu wina anagogoda pakhomo la malo ometera. Ometa anathandiza Aphunzitsi kuimirira, ndipo potuluka anatembenuka.

"Kabati yapansiyo usaisiyire mlongo wako. Tsegula wekha."

Anaitsegula atapukuta maso. Munali mtolo wokutidwa ndi pepala lakhaki, womangidwa ndi kansalu kotsala. Ataumasula anapeza maepuloni asanu ndi awiri opindidwa bwinobwino, a nsalu yakuda yolimba, osavalidwapo. Lamba wa pakhosi anali wotambalala, wothiridwa thonje mkati kuti asadule khosi. Kutsogolo kunali thumba lakuya la kabuku ndi cholembera. M'chiuno munalendewera kansalu kochindikala kogwirira mbale zotentha, chinthu chimene epuloni ya kuhotela inalibe. Mkati mwa iliyonse munali chaka, cholembedwa ndi choko. Bambo ake sanatumize ngakhale imodzi, chifukwa kutumiza kukanakhala kunena kuti akudziwa.

Kasingano anawayala patebulo lodulira, yoyamba pansi, enawo pamwamba motsatana zaka. Apo ndi pamene anaona kuti sanali ofanana. Iliyonse inali yopapatiza m'chiuno kuposa ya pansi pake, mwina ndi chala chimodzi, mwina chala ndi theka. Bambo ake ankamuyeza m'zithunzi, ndipo ankaona mmene ankaondera.

Galimoto inaima panja. Mlongo wake analowa akupinda manja a malaya, n'kuyang'ana katoni imodzi yosadzaza n'komwe.

"Kuyambira m'mawa mwalongedza zomwezi?" Kenako anaona patebulo. "Izi n'za kasitomala uti?"

"N'zanga."

Anamuuza ataimirira pomwepo, m'mawu ochepa, osakometsera. Atamaliza anakoka mkono wa bulawuzi n'kumuonetsa zipsera zitatu zoyera pamene mbale zotentha zimakhala. Mlongo wake anayang'ana mkonowo, anayang'ana chitseko cha zithunzi, n'kukhala pabenchi ngati munthu amene wauzidwa maliro kachiwiri.

"Ndinkawaonetsa zithunzi zanu m'chipatala," anatero motsitsa mawu. "Ndinkawauza kuti, onani mwana wanu akusangalala inu mukufa. Ankangoti, usamuweruze mlongo wako, zimitsa foniyo."

Sanapepese, ndipo Kasingano sanayembekezere kuti apepese. Za amayi awo zinali zikadali pomwepo, tikiti inali ikadali m'chikwama, ndipo palibe chimene chinali chitakonzeka.

Kasingano anatenga epuloni yapamwamba, ya chaka chomwecho, n'kulowetsa mutu m'lamba. Anafuna kumanga zingwe kumbuyo koma mfundo inkangomasuka. Mlongo wake anadzuka, anatenga zingwezo m'manja mwake n'kumanga pang'onopang'ono, monga ankamangira malaya a m'chipatala a bambo awo.

Atelala anali asanamuike tepi m'chiuno zaka zisanu ndi ziwiri, koma panalibe pofunika kubweza kapena kuonjeza. Thumba lokha ndilo linali losamaliza. Singano inali ikadali yobayidwa pakati pa msoko pamene anailekera, ulusi wakuda ukulendewera.